Majombo a Pakhomo

Tsitsani mawu, ana inu. Iwe Mapalo, ngati foni yakoyo ili ndi pakamwa uitseke, ngati ilibe ndipatse ndiikhalire. Mkulu wanu Tisa wagona m'chipindamo, ndipo amene amudzutse lero aona kuti dzanja la nesi wakale likadali ndi mphamvu yobaya.

Kuyambira m'mawa mukungondiyang'ana m'mbali. Ndamva Yamikani akunong'oneza amayi anu pa foni kuti ambuya mutu wayamba kuzungulira, atulutsa majombo a munthu wakufa n'kuwaimika pakhomo. Zikomo adokotala Yamikani, mwandipima bwino, sukulu ya giredi seveni sinapite pachabe. Khalani pansi apa ndikuuzeni za majombowa, poti magetsi apita ndipo mulibe china choonera koma nkhope yangayi.

Inu mumamuona Tisa akubwera m'mawa, maso ali psuu, n'kumati wakwiya. Sanakwiye, watopa. Dzulo anagona mu minibasi akuchokera ku naiti, ntchito yake ya usiku kuchipatala, anapitirira Kawama wathu yense, kondakitala n'kukamudzutsa kumapeto kwa msewu. Atafika anakhala pomwe wakhala Mapalopo, nsapato osavula, n'kunena kuti, "Ambuya, ntchito iyi ndisiya. Sindingakwanitse." Mwana amene wavutikira sukulu ya unesi zaka zonsezi akufuna kuitaya chifukwa cha tulo. Ndiye lero amayi anu, Dalitso mwana wanga wobala ndekha, akuimba foni kuchokera kushopu kuti azakhali a chibwenzi cha Tisa anyamuka ku Nkana East, dera la anthu olemera ku Kitwe, akubwera kudzacheza, timudzutse asese pabwalo ndi kuphika. Kudzacheza! Ine ndakula, ndikudziwa kucheza kwa azakhali. Akubwera kudzaona ngati mkazi wa mwana wawo amadziwa kugwada ndi tsache.

Ine unesi ndinauphunzira kuno ku Ndola, nthawi imene yunifomu inali yoyera ngati ufa ndipo kapu tinkaiumitsa ndi madzi a chinangwa kuti iime pamutu. Tinkasita ndi nsimbi ya makala, kakala kamodzi kakathawa n'kugwera pansalu, ndiye kuti malipiro ako apsa nawo. Majekiseni anali a galasi, tinkawaphika m'poto ngati mbatata. Masiku ano mukabaya kamodzi mwataya, gulovu mwataya, chilichonse mwataya. Chimene sichinasinthe ndi chimodzi chokha, anthu akudwalabe usiku.

Nditakwatiwa ndi ambuya anu aamuna, a Tembo, tinakakhala ku Kitwe, m'nyumba za mgodi ku Wusakile. Inu simunawaone bwino, munawapeza chifuwa chitawamaliza kale. Anali munthu wamtali, wosayankhula. Ukawafunsa funso Lolemba yankho unkalilandira Lachitatu. Iwo ankalowa pansi kukakumba miyala, ine ndinkagwira kuchipatala, ndipo tonse awiri tinkagwira naiti ikatigwera.

Tsono m'komboni muja munali lamulo limene silinalembedwe paliponse, koma ngakhale galu ankalidziwa. Mwamuna akachoka ku naiti ankatsuka majombo ake n'kuwaimika pakhomo. Basi. Majombo akaima pakhomo, mzere wonse wa nyumba unkakhala ngati kuli maliro a mfumu. Ana ankanyamula mpira wawo kupita nawo kutali. Mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta ankameza mawu ake mpaka atadutsa. Mtondo sunkalira, wailesi inkanong'ona. Ngakhale olalikira oyenda khomo ndi khomo, amene saopa galu kapena mvula, akaona majombo ankasunga chipulumutso chako mpaka mawa. Bambo agona. Bambo achoka ku naiti.

Nanga ine? Inenso ndinkachoka ku naiti yomweyo, mwezi wake womwewo kumwamba. Ndinkavula tinsapato tanga toyera n'kutisiya pakhomo. Mukudziwa tanthauzo la nsapato zoyera pakhomo? Chipatala chatsegulidwa. Ndisanaike n'komwe mutu pa pilo, kunja kuli, "Odi, odi mukwai!" Ameneyo ndi bana Chanda, ndiko kuti amake Chanda, mnansi wathu wa khomo loyandikana, mayi wa Chibemba wa mtima wabwino ndi pakamwa posatseka. "Bana Dalitso, taonani mwana uyu, totupa utu n'chiyani?" Ndikamuona mwanayo n'kubwerera pabedi, wabweranso. "Tipempheko mchere." Akapita, wina wafika ndi mwendo wotupa, wina akufuna ndimuwerengere zolembedwa pa botolo la mankhwala. Ndikatuluka maso ali otupa ankandifunsa mwachifundo chenicheni, "Awe, mwagona masana? Mukudwala kodi?"

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Katete ndiye zinafika pena. Anandipeza ndagona dzuwa lili pamutu, anaima pakhomo la chipinda manja ali m'chiuno. "Kwathu mkazi wogona masana timamubweza kwa amake," anatero. A Tembo anayesa kung'ung'udza kuti ndagwira usiku, koma apongozi anawadula. "Usiku amagwira chiyani? Si odwala amakhala atagona? Amangokhala pampando uyu."

Eya, ankanena zoona apongozi anga. Odwala usiku amagona ndithu. Malungo akaona kuti kwada amavala jekete n'kupita kwawo. Mwana wofuna kubadwa amayamba wayang'ana wotchi, akaona kuti anesi atopa amadikira kuche, chifukwa ana a ku Copperbelt ndi aulemu kuyambira m'mimba. Amuna olasana mabotolo kumowa nawonso magazi awo amaima okha mpaka m'mawa. Ife tinkangokhala pampando, kumwa tiyi, boma n'kumatilipira. Sindinawayankhe choncho, nthawi imeneyo mpongozi sankayankha. Ndinadzuka n'kukawaphikira, misozi ikugwera m'ndiwo.

Musaganize kuti kusagona ndi kuyasamula chabe, ana inu. Kumadya munthu pang'onopang'ono ngati chiswe. M'mimba munayamba kuotcha, chifukwa chakudya changa chinali tiyi ndi bani pa nthawi imene anthu abwino sadya. Ndinkaika mchere mu tiyi, shuga m'nyemba. Ndinkakalipira amayi anu popanda chifukwa, kenako n'kumalira ndekha kubafa. Tsiku lina Dalitso ali wamng'ono anagwa n'kuchubuka bondo, ine ndili pomwepo, koma anandidutsa n'kuthamangira kwa bana Chanda. Ine anandizolowera ngati mlendo wa yunifomu amene amabwera m'mawa kudzakwiya. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse a apongozi, ndipo zimandipwetekabe.

Kutchalitchi kokha ndiko ndinatchuka. Ndinkagwada pa Misa, mutu n'kuutsamiritsa pa benchi, anthu n'kuimirira, kukhala, kuimiriranso, ine ndili chigwadire. Amayi a mumphakati wathu ankati, "Amake Dalitso amapemphera mozama." Ndinali kutali, ana inu, ndinali ku Katete m'maloto. Koma amayi omwewo ndi amene ankandidya miseche pa nkhani ya maliro. Mukudziwa kuti maliro akagwa azimayi amakagona kunyumba ya maliro. Ine ndikagone bwanji, wodi ndiisiyire ndani? Ndiye ankati, "Ameneyu sagona pamaliro a anzake. Akadzafa adzadziika yekha." Ena mwa malirowo ndine ndinawatseka maso ndi kuwamanga chibwano, eni ake ali mtulo kunyumba. Koma zimenezo sizinkawerengedwa, chifukwa panalibe wondiona nditafunda chitenje pamphasa.

Chimene chinanditsegula maso ndi mnzanga Mwape, nesi amene tinkagwira wodi imodzi. Iye anachoka ku naiti, anapeza ana akufuna chakudya, apongozi akufuna madzi osamba, mwamuna akufuna malaya osita. Anakhala pa kampando kuti adikire nyemba pambaula, tulo n'kumuba. Chitenje chinagwira moto, mwendo wonse unapsa mpaka m'ntchafu. Anamugoneka m'chipatala chathu chomwecho. Nditapita kukamuona ndinamupeza akumwetulira, nkhope yasalala ngati ya mtsikana. "Mwandi," anatero, "kuno ndikugona. Palibe wondipempha mchere. Ndikanadziwa ndikanadziotcha kale." Tinaseka mpaka asisitala aakulu anatikalipira, koma pobwerera kunyumba ndinali ndi mantha, chifukwa chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Nthawi imeneyo apongozi anali atabwerera kumudzi, ndipo a Tembo anali atalandira majombo atsopano kumgodi. Akalewo anawaponya pansi pa bedi. Iwo ankagwira masana, ine naiti. M'mawa wina ndikuwerama kuti ndivule nsapato ndinawaona ali gone m'fumbi. Ndinawatulutsa, ndinawatsuka, n'kuwaimika pakhomo. Dalitso anali kusukulu. Ndinatseka chitseko.

Ana inu, tulo timeneto sindidzatiiwala. Ndinamva mapazi a bana Chanda akubwera, kenako anaima, kenako anabwerera monyang'ama. Ndinamva akuuza ana ake kuti, "Shh, bashi Dalitso balelala," kutanthauza kuti bambo ake a Dalitso agona. Ndinagona ngati mwala woponyedwa m'chitsime. Podzuka dzuwa linali litapendeka, mutu uli mbee, ndipo kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri ndinamva njala yeniyeni. Ndinabisa majombo a Tembo asanafike. Mawa lake ndinachitanso chimodzimodzi, mkuja wakenso. Ndinayamba kunenepa, ndinayamba kuseka, Dalitso anayamba kundikhalira pamiyendo.

Koma komboni ndi komboni. Mwamuna wa bana Chanda ankagwira gulu limodzi ndi a Tembo pansi pa mgodi. Tsiku lina mkazi wake akumuuza kuti bashi Dalitso masiku ano akugona kwambiri masana, iye anadabwa. "Tembo uti? Tembo timakhala naye pansi tsiku lonse." Pamenepo nkhani inapsa. Ngati Tembo ali pansi, majombo a pakhomo ndi a ndani? Palibe ngakhale mmodzi amene anaganiza kuti mkazi angafune tulo. Zimenezo zinali zovuta kwambiri kuzimvetsa. Chosavuta chinali chakuti nesi wapeza mwamuna. Ndipo taonani, akunenepa, akuseka, umboni wina mukufuna wotani?

Sabata isanathe mwamunayo anali atamera ndevu. Ena anati ndi wa ku Chamboli, ena anati ndi kapitawo, wina analumbira kuti anamuona akugula ndudu kumsika wa Chisokone. Bana Chanda anaona chithunzithunzi chake pa katani. Ine osadziwa kanthu, ndikungogona ndi kunenepa.

Tsono tsiku lina anapangana zoti amugwire. Zimene ndikuuzeni apazi ndinachita kumva, pakuti mwini nkhani ndinali mtulo. Anasonkhana amayi a mumphakati, a tcheyamani awo, ankhoswe athu a Phiri amene anachita kuitanidwa, ndi anthu ena ongokonda zaulere. Anazungulira nyumba, ena kuwindo, ena kuseri, wina atanyamula mpini. Atafika pakhomo anaima. Panalibe wogogoda. Bana Chanda anati, "A Phiri, gogodani, ndinu ankhoswe." A Phiri, amene nawonso anali munthu wa mgodi, anayang'ana majombo aja n'kukanda mutu. "Chigololo ndi chigololo," ananong'ona, "koma munthuyu wachoka ku naiti. Timudikire adzuke."

Mwamva, ana inu? Wakuba mkazi wa mwini, tulo take tinali ndi ulemu kuposa tanga. Khamu lonse linakhala pansi padzuwa, likunong'onezana, mwana akalira amake n'kumutseka pakamwa, kuopa kusokoneza chigololo chimene chikupumula.

Anadikira mpaka huta ya kumgodi, lipenga loweruka, inalira, a Tembo n'kutulukira pakona, chisoti chili m'manja. Anthu anapatuka. A Phiri anayamba kuwafotokozera ndi miyambi, koma iwo sanamvetsere. Anawerama, ananyamula jombo limodzi n'kulitembenuza. Apa, taonani, chigamba ichi cha chubu cha njinga. Anachimata okha ndi manja awo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatsegula chitseko pang'onopang'ono n'kulowa.

Anandipeza ndili ndekha, ndagona chopingasa pabedi, yunifomu ili m'thupi, nsapato imodzi kuphazi, kukamwa kuli yasa. Chibwenzi changa chinali pilo. Akuti anaima pamenepo kanthawi, anandivula nsapato ija, n'kutuluka. Anabweza jombo pamalo pake, analiwongola kuti lifanane ndi linzake, n'kukhala pa sitepe.

"Muli munthu wachoka ku naiti," anatero. "Tsitsani mawu."

"Ndani?" anafunsa a tcheyamani.

"Mkazi wanga."

Mawu amene ananena tsiku limenelo ndi okhawo, ndipo kwa a Tembo imeneyo inali nkhani yaitali. Anthu anabalalika mmodzimmodzi, wa mpini uja akunamizira kuti amapita kudimba. Madzulo bana Chanda anabwera ndi mbale ya chikanda, maso ali pansi, ndipo kuyambira pamenepo mchere wawo unkatha madzulo okhaokha.

Ine ndinadikira kuti andikalipire, kapena andifunse. Koma m'mawa wotsatira, ndikuchokera ku naiti miyendo ikukokeka, ndinaona patali majombo ali chilili pakhomo, otsukidwa kale. Anawaimika okha asanapite kuntchito. Anachita zimenezo naiti iliyonse imene ndinagwira, mpaka ndinapuma ntchito. Komboni yonse inkadziwa kuti wagona m'nyumbamo ndi mkazi, koma inkakhala chete, poti mwamuna wavomereza. Tulo ta mkazi timafuna chidindo cha bambo, musaiwale zimenezo. Ndipo musawayese mngelo ambuya anuwo. Anamwalira osadziwa kumene timasunga masupuni. Koma pa chinthu chimodzi chimenechi ndinawakonda, ndipo ndikawaona majombowa ndimawasowa koopsa.

Naiti sinandisiye bwinobwino, ngakhale ndinaisiya kalekale. Shuga uyu ndi mphatso yake, BP ndi mphatso yake. Usiku ndimakhala maso ngati mlonda wosalipidwa, agalu onse a mu Kawama ndimawadziwa mawu. Masana ndiye ndimagona paliponse, paukwati, pamzere wa kuchipatala, pakati pa nkhani yanga yomwe. Ndimamuyang'ana Tisa n'kumaona njira yonse imene ili patsogolo pake. Ntchitoyi ndi yabwino, ndipo iye ali ndi manja ake. Ndinamuona mmene anandisambitsira chilonda chija chaka chatha. Naiti yokha siingamuchotse pantchito. Chimene chingamuchotse ndi masana, ndi ife a m'nyumba muno ndi matsache athu.

N'chifukwa chake m'mawa uno ndawatulutsa m'sutikesi, ndawatsuka, ndawaimika apo. Koma dziko linasintha, ana inu. Kuno kulibe amene amadziwa chinenero cha majombo. Mayi wa tomato wadutsa akukuwa ngati nyumba yapsa, ndipo ataona majombowa wandifunsa ngati ndikugulitsa. Mnansi wathu uyu wayatsa jenereta kuti amve nyimbo zake. Inunso adzukulu a Tembo enieni mwati ndapenga. Amayi anu, amene anakulira kuseri kwa majombo omwewa, aiwala zonse chifukwa amva kuti kukubwera galimoto ya ku Nkana East.

Mnyamata wa Tisayo ndinamuona. Ndi waulemu, amagwira mu ofesi, nsapato zake n'zosongoka ngati akufuna kubaya nazo nyerere. Sindikumuda. Akadzakhala munthu, majombowa ndidzamupatsa pa tsiku la ukwati, anthu ena akupereka mafiriji, ndipo ndidzamuuza ntchito yake. Akakana kuwalandira, kuli bwino tidziwe lero kusiyana ndi kudzadziwira ku wodi ya opsa ndi moto.

Imani kaye. Si galimoto imeneyo yaima pageti? Ndi iwowo, taonani zitenje zofanana. Yamikani, usathamangire kuchipinda, ndakuona. Khala pomwepo. Mapalo, bwera nawo kuno majombowo. Okha sangathenso kuyankhula, afunika munthu m'kati mwake. Gwira ndodo yangayi, ndilowetse phazi. Ha, a Tembo, mapazi anali ngati mabwato! Linalo. Ndikokeni ndiimirire.

Mukuseka chiyani? Simunaonepo nkhalamba ya chitenje ndi majombo a mgodi? Azakhaliwo ndiwalandira ndi ulemu wonse, ndiwapatsa mipando pansi pa mtengo wa mango uko, kutali ndi windo. Tiyi muwapangira inu. Akafuna kuona kusesa, tsache lili apo, pabwalo ndi pawo. Koma pakhomo ili sadutsa, ndipo akafunsa kuti mkwatibwi ali kuti, ndiwayankha ine.

Fikani, fikani, azimayi, takulandirani. Pepani, tsitsani mawu pang'ono. Muli munthu wachoka ku naiti.